Tsiku Limene Ndinajambula Alamu Anga pa Kayaki

Marsa Alam,
Lolemba

Okondedwa Bambo,

Mtendere wa Mulungu ndi chifundo chake zikhale nanu. Ndikupsompsona dzanja lanu ndi mutu wanu. Mwadzuka bwanji kumeneko ku Naqada? Bondo lija likukulolani kugwada popemphera, kapena mukupempherabe muli pampando? Mng'ono wanga Tahani wandiuza kuti shuga anakweranso sabata yatha. Chimene chinamukweza ndikuchidziwa, ndipo si tiyi ayi.

Ife kuno tili bwino. Ndikuti ife chifukwa mkulu wanga Wafaa ndi ana ake atatu ali nane m'kachipinda kanga. Tikupanikizana ngati nsomba za m'chitini, koma akudya ndipo akugona. Musawadere nkhawa.

Ndalemba kalata chifukwa pafoni simunandilole kutsiriza. Munangoti mawa tonse tikwere basi, tidzapsompsone mutu wa azakhali popepesa, basi n'kudula. Kumbuyo kwanu ndinkawamva azakhali a Sakina akukuthirani mawu m'khutu. Iwo anena zawo. Mwana wawo Medhat, mwamuna wa Wafaa, wanena zake. Tsopano mumve zanga, poti pepala simungalidule.

Choyamba, zimene Medhat wakuuzani za ntchito yanga zili ndi choona chake. Sindikhala pa desiki ya hotelo kuyankha mafoni monga munkaganizira. Ndinachokapo kalekale. Ndimajambula zithunzi panyanja.

Kuno kuli bambo wina wachikulire ngati inu, a Gomaa, amene anasiya usodzi n'kugula timabwato topalasa tija amati kayaki. Tina n'toonekera pansi ngati galasi. Alendo amakwera awiriawiri, iwo n'kuwatsogolera pamwamba pa matanthwe a m'nyanja mpaka kumitengo yomera m'madzi. Ine ndimapalasa kayaki yanga pambali, kamera ili pakhosi. Masana ndimakonza zithunzizo n'kutumizira eni ake. A Gomaa anandifuna chifukwa mabanja ambiri a ku Cairo ndi ku Kuwait salola kuti akazi awo ajambulidwe ndi mwamuna zovala zitanyowa. Kusambira ndinaphunzira konkuno ndili wamkulu kale, ndikumwa madzi amchere ngati ngamila yochokera kuchipululu.

Ndinakubisirani chifukwa ndinkadziwa kuti mukana, osati chifukwa pali chochititsa manyazi. Medhat akuti ndimaswera maliseche pakati pa azungu. Bambo, dzuwa la kuno silisewera. Ndimavala kuyambira kumutu mpaka mu akakolo, chipewa pamwamba pa mpango, nsalu kumaso, magalasi akuda. Ndimadziphimba kuposa azakhali akamapita kumaliro. Mboni yanga ndi Medhat yemweyo. Anakhala nane m'mawa wonse osandizindikira.

Nkhani yake inayenda chonchi. Malo anasungitsa ndi mayi wina dzina lake Hala, akuti angokwatirana kumene ndipo akufuna zithunzi za chikumbutso. Tsikulo nyanja inadzuka bata, ngati mafuta m'mbale. Ndinkapukuta galasi la kamera pamene ndinamva kutsokomola kuja, kumene Medhat amachita asanalankhule, ngati shehe akukonzekera ulaliki. Podzutsa mutu, ndi uyo akutsika pamchenga, kabudula wamaluwamaluwa, mimba ili pamtetete, atagwira dzanja la mtsikana wa msinkhu wa Tahani.

Medhat, Bambo. Amene anatiuza tonse kuti wapita ku Safaga kukalandira katundu kudoko. Amene salola Wafaa kuima pakhomo kugula tomato kwa wangolo.

Ndinasiya kupukuta kamera. A Gomaa anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndadwala. Ndinawanong'oneza kuti uyo ndi mwamuna wa mkulu wanga. Anapukusa mutu, natchula dzina la Mulungu, kenako anati ngati ndikufuna awauza alendowo kuti kamera yawonongeka. Ndinakana. Kaya kunali kulimba mtima kaya misala, koma ndinkafuna ndione ndi maso angawa, kuti pasadzapezeke wondiuza kuti ndinalota.

Panyanja ndinatseka pakamwa, ndikumangolozera ndi manja. Medhat anafunsa a Gomaa kuti, “Amalume, kodi wojambula wanuyu anameza lilime?” Iwo anati, “Ayi bwana, amangosunga mawu. Akalankhula mumva.”

Kupalasa sadziwa. Kayaki yawo inkangozungulira pamodzimodzi ngati ng'ombe yopukusa gudumu la madzi kumunda, iye n'kumati nkhafi ndi yopindika. Hala ankaseka, nayenso n'kumaseka. Ndinajambula. Anamukonzera chipewa chimene mphepo inakhotetsa, ndinajambula. Anamuimbira kanyimbo, mawu ake aja ngati chitseko chadzimbiri, ndinajambula. Munthu amene akalowa m'nyumba ya Wafaa ana amathamangira kukazimitsa kanema.

Mpaka pamenepo ndinkadziuza kuti ndingomaliza ntchito yanga mwakachetechete, zina ndikaganize kunyumba. Koma titafika pamene pansi pali udzu, kamba wamkulu anatulutsa mutu kudzapuma. Hala anakuwa ndi chimwemwe n'kutambasula mkono kumuloza. Ndinakokera chithunzi pafupi kuti nditenge dzanja ndi kamba pamodzi.

Pamkonopo panali chibangili cha golide cha njoka. Cha malemu Amayi.

Musandiuze kuti zibangili za njoka zilipo zambiri. Cha Amayi diso limodzi n'lobooka, kamwala kake kanagwera mu ufa akukanda buledi, tinakafunafuna tsiku lonse osakapeza. Ndinaliona dzenje limenelo pakamera ngati ndaligwira ndi chala.

Mukukumbukira kuti chaka chatha Medhat anatenga golide yense wa Wafaa, akuti akagulitse kuti alowe nawo m'bizinesi ya lole? Wafaa analirira chibangili chokhacho, inu n'kumuuza kuti mkazi wabwino amamugwira mkono mwamuna wake. Lole ija ndinaiona, Bambo. Inali itakhala pa kayaki, itavala chipewa cha udzu.

Pafupi ndi mitengo ija pali mchenga woyera pamene timajambulira zithunzi zomaliza. Medhat anati akufuna chimodzi ataimirira m'kayaki, nkhafi ili m'mwamba ngati ngwazi. A Gomaa anamuletsa. Iye anati anakulira pa mtsinje wa Nile, palibe womuphunzitsa za madzi. Anaimiriradi, kayaki ikugwedezeka. Pamenepo ndinatsitsa nsalu kumaso, ndinavula magalasi, n'kunena kuti, “Alamu, kwezani chibwano pang'ono, mukubisa nkhope.”

Anagwa chagada, khuvu! Anayamba kuphupha, akukuwa kuti akumira, wina amugwire, ali ndi ana. A Gomaa anamusiya kaye amweko pang'ono, kenako anati, “Imirirani bwana, madziwo ndi a m'chiuno.” Ichonso ndinajambula, Mulungu andikhululukire.

Hala sanaseke. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti alamu anga ndani, nanga ana akunenedwawo ndi ati. Ndinamuuza kuti bambo akudonthayo ndi mwamuna wa mkulu wanga Wafaa, ndipo ukwati wawo ulipo. Iye anati sizingatheke, Medhat anamuuza kuti mkazi woyamba anamusiya kalekale chifukwa anali wosabereka. Ndinamutchulira mayina: Rokaya, Sondos, ndi Jana amene sanayambe n'komwe sukulu.

Kenako anafunsa chifukwa chake ndikumuyang'anitsitsa pamkono. Nditamuuza, anayesa kuchivula chibangilicho koma chinakana. Anapaka mafuta oteteza kudzuwa, nakoka mpaka khungu linafiira, n'kundiika m'manja. Anati anauzidwa kuti chinali cha agogo ake a Medhat. Atatero anasamukira m'kayaki ya a Gomaa osamuyang'ananso mwamunayo. Medhat anatsala yekha akuzungulira, mpaka a Gomaa anabwerera kukamukoka ndi chingwe ngati mbuzi.

Mtsikana uja musamutukwane, Bambo. Ndi namwino wa ku Zagazig, bambo ake anamwalira, ndipo ananamizidwa monga tinanamizidwira ife.

Masana Medhat anandipeza kuchisakasa kumene timasunga makayaki. Anayamba ndi uchi. Akuti Nesma msuweni wanga, mlongo wanga, ndinakunyamula uli khanda, tisagawanitse banja chifukwa cha kanthu kakang'ono. Ataona kuti uchi sukugwira, anatenga chipembedzo. Akuti ukwatiwo ndi wa lamulo, Mulungu analola akazi anayi, ndipo Wafaa wangobereka atsikana okhaokha, mwamuna amafuna mwana wodzanyamula maliro ake. Ndinamuyankha kuti za mitala ndamva, koma andionetse pamene Mulungu analola munthu kukana ana ake ali moyo, ndi kuveka mkazi wina golide wa apongozi ake ali m'manda.

Pamenepo m'pamene anatulutsa mano. Anati ndifufute zithunzi ndipo nditseke pakamwa, apo ayi akuuzani za ntchito yanga. Mawu ake ndiwalemba monga anawanenera: “Nkhalamba ija ndi shuga wake idzafa ndi manyazi, ndipo woipha udzakhala iwe.”

Nkhalamba ija. Inuyo, amene munamuphunzitsa kugwira pensulo, amene munamupatsa mwana wanu woyamba osafunsa zambiri poti ndi mwana wa mlongo wanu.

Ndinamuuza kuti apite akanene, ndipo ngati njira waiwala ndimulozera pokwerera basi.

Asanachoke anakadandaula kwa mkulu wa hotelo kuti wojambula wa a Gomaa amanyoza alendo. Hoteloyo yasiya kutitumizira anthu, akuti akufufuza. Ndinapita kukapepesa kwa a Gomaa poti ndawadulira chakudya pakamwa. Anandiyang'ana ngati ndanena zopusa, nati, “Mwana wanga, nyanja si ya hotelo.” Sindikunamizani, masiku ano alendo achepa ndipo tikuchita kukawasaka m'misasa ya osambira. Koma tikupalasabe.

Azakhali akuti ndinamwaza zithunzi pa intaneti. Ndi bodza. Pantchito yathu zithunzi ndi za amene wasungitsa malo, ndipo zonse ndinatumiza kwa Hala. Iye anandilola chimodzi chokha, chimene nkhope yake siikuoneka: Medhat akuseka, mkono wa chibangili uli paphewa pake. Chimenecho ndicho ndinatumizira Wafaa, nditayamba ndamuimbira.

Sanakuwe, sanalire. Anangofunsa kuti, “Ameneyu akuseka chonchiyu ndi iyeyo?” Kenako anati ana atsala pang'ono kuweruka, akaphike. Kudekha kumeneko kunandiopsa kuposa kulira.

Patapita masiku angapo anandiimbira ali kale m'basi, atadutsa Qift, ana atatu ndi chikwama chimodzi. Sindinamuitane ine monga akunenera. Koma ndisakubisireni, akanapanda kubwera ndikanapita kukamutenga.

Tsopano mukuti tibwere tidzapepese. Tipepese chiyani, Bambo? Azakhali akuti ndapasula banja. Kamera siipasula nyumba. Imangotenga chimene chaima patsogolo pake.

Ndipo pali china chimene simukuchidziwa, chimene ndinkafuna kukuuzani pamene munadula foni.

Hala atabwerera kwawo anandiimbira. Anati chimene chikumuwawa koposa si Medhat, koma mayi ake a Medhatyo. Akuti abale ake ankakayika kupereka mwana wawo kwa mwamuna wa kutali, koma mitima inakhala pansi ataona kuti mayi a mwamunayo abwera okha paukwati. Mayiwo anakhala pakati pa azimayi a ku Zagazig n'kumawafotokozera za mpongozi woyamba, wosabereka uja, mmene anamuzunzira mwana wawo.

Mukukumbukira sabata imene azakhali anati akupita kwa dokotala wa maso ku Cairo? Inu munawaperekeza kusitima ndi bondo lanulo, mutawanyamulira chikwama. Wafaa anawaphikira nkhuku ya paulendo. Maso awo ankaona bwinobwino, Bambo. M'kalata muno mupeza chithunzi chimene Hala wanditumizira. Azakhali avala diresi yobiriwira, dzanja lili pakamwa, akuimba nthungululu. Chimenecho sindinajambule ndine.

Ndikudziwa kuti ndi mlongo wanu, ndipo ndi amene anakulerani agogo atamwalira. Sindikuti muwatukwane kapena muwatsekere chitseko. Koma mutu umenewo ine sindiupsompsona, ndipo Wafaa saupsompsona.

Wafaa wandikumbutsa nkhani ina imene ine sindiikumbukira bwino poti ndinali wamng'ono. Akuti Tahani atabadwa, mtsikana wachitatu m'nyumba mwanu, azakhali omwewa anabwera Amayi asanadzuke n'komwe pamphasa. Anabwera ndi dzina la mtsikana wina wa ku Qus woti mumukwatire, akuti kwawo amabereka amuna. Inu munaima pakhomo n'kuwauza kuti, “Awa ndi amene Mulungu wandipatsa, ndipo sanalakwitse.” M'mawa mwake munapita kusukulu ndi maswiti n'kugawira aphunzitsi onse, ngati kwabadwa mnyamata. Anthu anayamba kukutchulani bambo wa atsikana pofuna kukusekani, inu n'kumavomera mokweza mpaka anatopa okha.

Ifetu tinakula tikudziwa kuti bambo athu sanatichitepo manyazi. N'chifukwa chake ndili wouma mutu chonchi. Mukafuna womudzudzula, yambani ndi amene anandilera.

Ndiye lero Rokaya, Sondos ndi Jana amve kuti bambo awo anawafufuta ndi pakamwa kuti apeze mkazi, ndipo agogo awo akuti amayi awo akagwade? Rokaya ndi wamkulu tsopano, amamva zonse. Dzulo anandifunsa ngati nawonso agogo akwiya chifukwa iwo ndi atsikana. Ndinamuuza kuti ayi. Musandisandutse wabodza.

Wafaa akufuna ukwati uthe. Sindinamuuze ine, ndipo ndamufunsa mobwerezabwereza ngati watsimikiza. Akuti mitala mwina akanaipirira chifukwa cha ana, monga apiririra zina zambiri zimene sanakuuzeni. Koma kubwerera m'nyumba imene apongozi ake ankadya chakudya cha manja ake akudziwa zonsezi, ayi. Medhat akakana kumumasula, apita kukhoti. Mantha alibe. Chimene akufuna n'chakuti tsiku limenelo atembenuke aone bambo ake ali kumbuyo kwake.

Chibangili chili pamkono pake. Akuti wochifuna adzachite kudula mkonowo.

Lachisanu lapitali kunalibe alendo, ndiye a Gomaa anatitenga tonse. Wafaa anakana kukwera, akuti ndi mayi wa ana atatu, anthu amuona bwanji. A Gomaa anati pano palibe anthu, pali nsomba zokha, ndipo nsomba za kuno sizinena miseche. Anakwera ndi chovala chake chakuda chomwecho, atagwiritsa m'mbali ngati akupita kokaphedwa, akunena mapemphero onse amene amawadziwa. Titafika pamatanthwe anayang'ana pansi. Anaona tinsomba tachikasu ndi tabuluu tikudutsa pansi pa mapazi ake, anaiwala kugwiritsa. Jana anamuthira madzi kumaso, iye n'kubwezera. Anaseka mpaka kutsamwa, kenako analira, kenako anasekanso.

Chithunzi chachiwiri m'kalatamu ndi cha tsiku limenelo. Chimenecho ndinajambula ndine. Valani magalasi anu, muchiyang'ane bwinobwino pawindo, mundiuze kuti nkhope imeneyo ya mwana wanu munaiona liti komaliza.

Choncho yankho langa ndi ili, ndipo ndikulinena ndi ulemu wonse umene munandiphunzitsa. Sitikwera basi. Sitipepesa. Ntchito yanga sindisiya, chifukwa ndimaidziwa, ndi yoyera, ndipo lero ndiyo ikudyetsa zidzukulu zanu. Mukafuna kundikwiyira chifukwa chokubisirani, kwiyani, ndilandira. Koma mkwiyo umenewo ukhale wa inu ndi ine. Musaupereke m'manja mwa Medhat kuti amenyere Wafaa.

M'malo mwake bwerani ndinu. Basi yochokera ku Qena imanyamuka m'mawa, pofika masana muli kuno. Tahani akuperekezeni, mutenge mankhwala ndi jakisoni wanu. Mudzandikalipire pamaso, ndidzakhala pansi n'kumvetsera mpaka mutatopa. Mukadzamaliza mudzakhale ndi Wafaa, mumve zimene wasunga zaka zonsezi. A Gomaa akuti mchenga wotentha wa kuno umachiza maondo, ndipo akufunitsitsa kuona munthu amene anabereka mwana wamakani chonchi.

Mundiperekere moni kwa Tahani, mumuuze asiye kulira pafoni, palibe wamwalira. Moni kwa a Haji Bakri oyandikana nanu, ndi kwa mayi a Ragab amene amakubweretserani mkaka. Ana akupsompsona manja anu. Sondos akuti musaiwale kudyetsa nkhunda zake padenga. Azakhali nawonso muwapatse moni, muwafunse ngati maso achira.

Mulungu akupatseni moyo wautali, akuchotsereni matenda, ndipo awachitire chifundo Amayi kumene agona.

Pakona ya chithunzi cha Wafaa chija muona timalemba ting'onoting'ono. Ndi dzina limene ndimaika pa chithunzi chilichonse chotuluka m'manja mwanga, langa ndi lanu pamodzi. Lafika ku Cairo, ku Kuwait, ngakhale kumaiko a azungu, ndipo sindikulichotsapo.

Ndine mwana wanu wachiwiri,
Nesma Fawzi